Kamuvi ka pa Tsamba Lachisanu ndi Chinayi

1

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinaliza gitala ya lidi m'bandi ya mwamuna wanga. Dzina la bandiyo ndilisunga, chifukwa ena mwa inu munavina nyimbo zathu pa ukwati wanu ndipo sindikufuna kukuwonongerani chikumbutso. Iye ndiye woimba ndi mawu, anyamata a m'bandi amamutcha Kaputeni. Ine anthu amanditcha Mayi Lidi. Pasiteji ndinkaima kumanzere kwake, mapazi atatu kuchokera pamene iye waima, ndipo akamaliza vesi yachiwiri ankatembenuka n'kundiloza ndi chibwano kuti nthawi yanga yakwana. Malo amenewo ndinkawakonda kuposa nyumba yathu, ndipo ndi amene ndinkaopa kutaya.

Mavuto anayamba ndi dzanja lamanja. Poyamba kunali kunyerenyetsa chabe pamfundo ya dzanja, kenako unasanduka moto. Ndinayamba kugwetsa makapu. Dokotala anati minyewa yatupa chifukwa chogwira ntchito imodzimodzi zaka zambiri, ndipo anandilembera mafizo, masewero a kuchipatala olimbitsa minyewa, Lachiwiri lililonse m'mawa.

Mwezi womwewo Kaputeni anapeka nyimbo yothamanga kuposa zonse zimene tinaimbapo, yoti itsogolere chimbale chatsopano. Anandiimbira solo yake, gawo limene gitala ya lidi imatsogolera yokha, ndi pakamwa tili pa tebulo, uku akumenya supuni pa mbale.

"Pakatipa ndikufuna gitala iuluke," anatero. "Miyezi inayi ikubwerayi tikulowa mu situdiyo. Ukwanitsa?"

"Ndinayamba ndakugwetsanipo mphwayi?"

Anayang'ana bandeji ya padzanja langa. "Ndangofunsa, mayi. Anthu ovina sadziwa za dokotala."

Ndinaseka naye, koma mawuwo anandilasa mumtima. Atatuluka ndinatenga gitala n'kuyesa. Ndisanafike pakati dzanja linauma gwa, kapiki kanagwera pansi pa mpando.

2

Kapiki, kwa inu osaliza gitala, si piki wokumbira. Ndi kapulasitiki kakang'ono kamene timagundira nsambo. Moyo wanga wonse ndinkakayendetsa njira imodzi: pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba, osaphonya.

Ndinapita kwa Amisiri, mkulu wina wokonza magitala amene ali ndi kachipinda kuseri kwa malo ometera. M'menemo mumanunkha guluu ndi waya wopsa, ndipo magitala opanda makosi amalendewera kukhoma. Ndinanamizira kuti ndabwera kudzafewetsa nsambo.

"Nsambo zilibe mlandu," anatero atazikhudza. "Taimba ndione."

Ndinaimba. Sanayang'ane zala za kumanzere zimene anthu onse amachita nazo chidwi. Maso ake anali pa dzanja lodwalalo.

"Mwana wanga, ukuyenda maulendo awiri pomwe pakufunika umodzi. Taona. Wagunda pansi, ndipo nsambo yotsatira ili pansi pomwepo, ikukudikira. Iwe ukuilumpha kuti ukaigunde kuchokera kunsi. Ukulumphiranji? Gwera pomwepo."

Anatenga gitala yanga n'kundionetsa pang'onopang'ono. Manotsi atatu pa nsambo imodzi: pansi, m'mwamba, pansi. Kenako, m'malo mobwerera, kapiki kanangopitirira pansi n'kugwera pa nsambo yotsatira. Pobwerera chimodzimodzi: m'mwamba, pansi, m'mwamba, m'mwambanso. Atathamangitsa, manotsi anatuluka ngati madzi a pampopi, koma dzanja lake linkaoneka ngati likuwodzera.

"Achinyamata a pa intaneti amati ekonomi. Ine ndimati kusesa. Tsache silibwerera pa kachinyalala kalikonse."

"Zikuoneka zosavuta."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kuphunzira n'kosavuta. Chovuta n'kuiwala. Dzanja lakoli ndi nkhalamba yamakani, lidzabwerera ku zakale ukangotembenuka. Gula kope. Pamwamba pa noti iliyonse ulembe kamuvi, koloza pansi kapena koloza m'mwamba. Uyambe pang'onopang'ono mpaka uchite manyazi."

Ndinagula kope lachikuto chobiriwira. Solo yonse ya Kaputeni ndinailemba m'masamba khumi ndi awiri, noti iliyonse ndi kamuvi kake. Ndinaganiza zosauza munthu. Ndinkadziuza kuti ndikufuna kudabwitsa mwamuna wanga, koma zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi kuti aone Mayi Lidi akukwawa ngati wophunzira wa dzulo. Ndinkayeserera masana iye akapita kokakonza za bandi, nditamanga sokosi pakhosi pa gitala kuti isamveke panja. Ndikamaliza, kope ndinkaliika pansi pa matiresi, mbali yanga, cha kumutu. Amenewo anali malo otetezeka kuposa banki, chifukwa mwamuna wanga chikwatirane sanakhudzepo shiti kupatula kugonapo.

3

M'nyumba mwathu tinkakhala atatu. Wachitatu anali mng'ono wanga, chitsirizira m'banja mwathu. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi koma tonse timamutchabe Kamwana. Mayi athu atamwalira ndinamutenga ndine, ndinamuphunzitsa mpaka koleji, ndipo panthawiyi ankagwira ntchito m'sitolo ya mafoni kuyambira masana.

Pano ndiulule tchimo langa, poti ndalonjeza kunena zoona. Kamwana ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinayamba kumuphunzitsa gitala. Zimene ine ndinavutika nazo chaka chathunthu, iye anazitola m'sabata ziwiri. Tsiku lina ndinamumva akuimba solo yanga bwino kuposa mwini wakene. Ndinamulanda gitala ija n'kunena kuti, "Izi zilibe tsogolo, pita ukawerenge." Ndinaitsekera m'kabati. Kuyambira tsiku limenelo sindinamuonenso ataigwira, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso.

Pa matenda angawa Kamwana ndiye anali nesi wanga. Ankatenthetsa madzi, n'kundisisita dzanja ndi mafuta.

"Koma iwe, zala zakozi zakhakhala liti chonchi?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Makatoni a kusitolo, asisi. Timatsegula ndi manja."

Ndinamuuza kuti azidzola mafuta. Ine, munthu wa zikang'a kunsonga za zala kuyambira ndili mtsikana, ndinakhulupirira za makatoni.

Ngakhale Kaputeni anasintha. Lachiwiri lina nditabwera ku mafizo ndinapeza bedi lathu loyalidwa bwino, shiti yokokedwa, ngodya zopindidwa mwaukhondo.

"Mwayala bedi inuyo?"

"Kodi ndilibe manja?" anayankha osachotsa maso pa foni. "Ndati wodwala apumeko."

Ndinamupsompsona pamphumi. Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse ndinkapeza bedi loyalidwa, ndipo ndinkanyadira kwa amayi anzanga ku mafizo kuti matenda andikonzera mwamuna. Ena ankati ndiwabwerekeko matendawo.

Kuyeserera kunkayenda, koma malo amodzi ankandizunza. Pa tsamba lachisanu ndi chinayi, pamene solo imathamanga kwambiri, ndikamachoka pa nsambo yachitatu kupita pa yachiwiri, dzanja linkapunthwa. Kamphindi kochepa zedi, kamene munthu wovina sangakamve, koma kankandibaya pamfundo ya dzanja ngati singano. Ndinabwerera kwa Amisiri.

"Apo ukugunda m'mwamba," anatero atangoona kamodzi. "Pakufunika pansi. Wabwerera ku zakale."

Nditafika kunyumba ndinatsegula kope, ndipo zinalidi choncho. Ndinalemba ndekha kamuvi koloza m'mwamba pamene panayenera kukhala koloza pansi. Dzanja ndinalikonza m'masiku anayi. Pepalalo ndinati ndikonza mawa, ndipo mawalo silinafike.

Kawotchi kogunda nthawi ka pa foni ndinayamba nako pa sikisite. Patatha miyezi itatu ndi theka kanali pa handiredi fifite, liwiro lenileni la nyimboyo, ndipo dzanja silinkapwetekanso. Tsiku limene ndinaimba solo yonse osapunthwa ndinakhala pamphepete pa bedi n'kulira ndekha, sokosi ili lende pakhosi pa gitala.

4

Kaputeni anali atandiuza kuti gitala ya lidi tidzajambula Lachisanu. Lachitatu masana mtima sunandilole kukhala. Ndinanyamula gitala kupita ku situdiyo kuti ndikayese ampu, chokuzira mawu a gitala. Wojambula nyimbo wathu timamutcha Makutu, chifukwa amamva ngakhale ntchentche ikatera pa maikolofoni.

"Mayi Lidi!" anakuwa akuvula mahedifoni. "Koma inu ndinu oopsa. Ndi dzanja lodwala lomwelo?"

"Ndatani?"

"Musadzichepetse. Kaputeni wabweretsa dzulo pa fulashi, akuti mwajambulira kunyumba kuti musavutike ndi kubwerezabwereza. Khalani apa mudzimvere."

Ndinakhala, gitala ili pamiyendo, isanatuluke n'komwe m'chikwama. Makutu anadina batani. Ng'oma zinalowa, besi inalowa, mawu a mwamuna wanga anamaliza vesi yachiwiri. Kenako gitala inauluka.

Inali solo yanga. Kaputeni anangoimba mutu wake ndi pakamwa, koma tinjira tonse ta m'kati ndinapeka ndine, ndipo tinali pamenepo, noti ndi noti. Woimbayo ankasesa monga anandiphunzitsira Amisiri. Zala zake zinali zopepuka kuposa zanga. Ndiye anafika pa tsamba lachisanu ndi chinayi, pochoka pa nsambo yachitatu kupita pa yachiwiri, n'kupunthwa.

"Bwezani pamenepo," ndinatero.

"Mwakamva eti? Kakupunthwa pang'ono. Koma ine ndikasiya, kakukometsa."

"Bwezaninso."

Anabweza katatu. Panalibe kukayika. Munthu woimba ndi khutu sakanalakwitsa pamenepo. Kulakwitsa kumeneko kunali kwa munthu womvera kamuvi kanga, amene anakhala ndi kope langa pamiyendo kwa masabata ambiri. Ndinathokoza Makutu, ndinamuuza kuti wagwira ntchito yabwino, n'kutuluka. Panjira ndinkawerenga m'mutu oliza lidi onse a m'mabandi ena, kufuna kudziwa kuti mwamuna wanga wagula uti.

5

Ndinamupeza pabalaza akusita malaya a pasiteji. Ndinaika gitala pakhoma mosamala, chifukwa manja anga ankafuna kuswa chinthu.

"Ndachokera kwa Makutu."

Simbi inaima. Kenako inayambanso kuyenda. "Ndimafuna ndikuuze Lachisanu."

"Mundiuze chiyani? Kuti ndinajambula kale ndili m'tulo?"

"Mayi, bandi si chipatala. Anthu asanu ndi awiri amadya pamenepa. Dzanja lako linali litatha, ndikanatani?"

"Mukanandifunsa! Miyezi inayi ndakhala ndikukwawa m'chipindamo chifukwa cha nyimbo yanu. Ndani waimba?"

"Dzina lilibe ntchito."

"Ndani?"

"Ndine, asisi."

Kamwana anali ataima pakhomo la kukhitchini, atavala yunifolomu ya kusitolo. Anatambasula dzanja lamanzere ngati mwana woonetsa bala. Zikang'a zinayi kunsonga za zala, zofanana ndi zanga.

"Sindinasiye," anatero. "Munanditsekera gitala m'kabati, koma ku koleji ndinkabwereka ya mnzanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikuimba mobisa ngati wakuba. Alamu atandimva anati ndingogwirizira malo mpaka inu muchire."

Ndikuuzeni zoona, owerenga, pamenepo mkwiyo wanga unafooka. Ndinaona kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri kaja kataima pafupi ndi kabati, ndipo ndinadziuza kuti ndakolola zimene ndinafesa. Ndinatsala pang'ono kumukumbatira. Ndinangofunsa funso limodzi, mwachidwi chabe, monga woimba kwa woimba mnzake.

"Nanga kope langa unalipeza bwanji?"

Kamwana anayang'ana pansi. Amene anayankha ndi Kaputeni, mofulumira kwambiri.

"Ndinamupatsa ndine."

"Munalitenga pati?"

"M'chikwama cha gitala."

"Silinalowemo ngakhale tsiku limodzi."

"Kaya, m'kabati ndiye. Ndingakumbuke zonse?"

Malaya anayamba kununkha kupsa. Palibe amene anasuntha simbi ija.

"Linali pansi pa matiresi," ndinatero pang'onopang'ono. "Mbali yanga, cha kumutu. Munthu sangalione pokhapokha akukankhira shiti kunsi."

Ndikulankhula choncho, ngodya zija zinabwera m'maso mwanga. Mayi athu anagwira ntchito mu hotelo zaka makumi awiri, ndipo anali ndi kapindidwe kawo ka ngodya za shiti, kamene anatiphunzitsa ndi mbama. Padziko pano tinatsala anthu awiri opinda choncho. Ine ndinkaona ngodya zimenezo Lachiwiri lililonse, m'chipinda changa, n'kumapsompsona mwamuna pamphumi.

"Kamwana," ndinatero, "bedi langa unkaliyaliranji?"

Anagwira pakamwa ndi dzanja la zikang'a lija. Misozi inadutsa pakati pa zala.

"Ndinkafuna musaone, asisi."

"Kuyambira liti?"

"Lachiwiri lachiwiri la mafizo."

Kopelo ndinali ndisanalimalize n'kulemba komwe panthawiyo. Choncho sanalowe m'chipinda changa kudzafuna kope. Kopelo analipeza ali kale m'katimo.

"Tiyeni tikambirane ngati akuluakulu," anatero Kaputeni.

Ndinazimitsa simbi kukhoma, chifukwa nyumba ikanapsa ndi gitala yanga yomwe. Ndinalowa kuchipinda, ndinatukula matiresi, ndinatenga kope langa ndi zovala zokwana chikwama chimodzi. Akuluakulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndikanamenya ndani? Mmodzi ndinamulera ndi manja anga, winayo ndinamupatsa zaka khumi ndi zinayi. Ndinapita kwa mnzanga wina wa ku mafizo, mmodzi mwa aja ankafuna kubwereka matenda anga.

6

Lachisanu ndinapita ku situdiyo pa nthawi yake. Bandi yonse inalipo, ndipo kuyang'ana nkhope zawo ndinadziwa kuti wa ng'oma ndi wa besi ankadziwa kalekale za woliza lidi watsopano. Aliyense anatanganidwa ndi waya wake. Kamwana anali pakona, maso otupa.

"Makutu, ndipatseni nyimbo ija popanda lidi," ndinatero ndikulumikiza gitala ku ampu.

"Mayi, palibe chifukwa choti..." anayamba Kaputeni.

"Imbani vesi yanu."

Anaimba, poti pamaso pa anyamata ake sakanakana. Atamaliza vesi yachiwiri thupi lake linachita zimene linazolowera: anatembenukira kumanzere n'kundiloza ndi chibwano. Ndinaona manyazi akumugwira chibwano chili m'malere.

Ndinasesa. Pansi, m'mwamba, pansi, pansi. Dzanja linali lopepuka, lopanda ululu ngakhale pang'ono. Pa tsamba lachisanu ndi chinayi kapiki kanagwera pa nsambo yachiwiri ngati kakulowa m'nyumba yake. Nditamaliza ndinayang'ana kwa Makutu.

"Mayi wanga ine," ananong'ona Makutu. "Ndajambula imeneyo. Tiika imeneyo."

"Fufutani," ndinatero ndikuzula waya. "Pa chimbale musiye ya mng'ono wanga, mmene ilili."

Kaputeni ananditsatira mpaka pakhomo. "Ukadandiuza kuti wachira, zonsezi sizikadachitika."

"Za gitala kapena za bedi?"

Sindinadikire yankho.

7

Papita miyezi isanu ndi itatu. Ukwati unatha. Masiku ano ndimaphunzitsa gitala m'kachipinda ka Amisiri, ndipo ophunzira anga onse amayamba ndi kope ndi timivi. Nyimbo ija inatchuka, mwina inunso muli nayo pa foni. Ndimaimva m'sitolo, m'basi, kwa ometa tsitsi kuseri kwa khoma lathu. Anthu amavina, ine ndimangodikira malo amodzi, ndipo nthawi zonse kupunthwa kuja kumabwera. Ndinakusiya dala kuti kukhale mboni yanga, koma sindinadziwe kuti mboniyo izidzandilondola kulikonse.

Kamwana ndiye amaima kumanzere kwa Kaputeni tsopano, mapazi atatu kuchokera pamene iye waima. Sabata yatha wophunzira wina anandionetsa vidiyo ya bandiyo. Pa dzanja lamanja la mng'ono wanga panali bandeji. Solo imeneyo amaiimba kanayi kapena kasanu pa sabata, ndipo ulendo uliwonse amalumpha nsambo pa liwiro limenelo n'kudzibaya pamfundo ya dzanja. Ndikudziwa mmene zimapwetekera, komanso ndikudziwa kumene zimathera.

Dzana uthenga unalowa pa foni yanga, woyamba chichokereni. "Asisi, sindikuyenera kukupemphani kanthu. Koma dzanja likundipweteka pa malo aja. Inu mumadutsapo bwanji?"

Owerenga anzanga, makamaka inu amene munalera abale anu m'nyumba, musandinamize kuti nthawi imapoletsa zonse. Ine zikundiwawabe ngati zachitika dzulo. Mwamuna sindimulira, amuna otere ali mbwee. Amene ndimalira ndi mwana amene ankandisisita dzanja madzulo, atayala bedi langa m'mawa. Komanso sindinaiwale kuti woyamba kutsekera mnzake chitseko ndinali ine, tsiku lija la kabati. Zimenezo sizimuyeretsa, koma zimandilepheretsa kugona tulo ta munthu wosalakwa. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene mukumuphimba chifukwa akuwala kuposa inu, dziwani kuti sadzasiya kuwala, adzangophunzira kubisa, ndipo wophunzira kubisa chimodzi amabisa ndi zina.

Mankhwala a dzanja la mng'ono wanga ndikuwadziwa. Ndi mawu awiri okha: gunda pansi. Amisiri akuti ndimuuze, chifukwa chibale ndi fupa, sichiola. Mnzanga wa ku mafizo akuti ndimusiye alawe. Ine ndalemba mawu awiriwo pa foni kasanu ndi kufufuta kasanu. Kope lili pano patebulo, lotsegula pa tsamba lachisanu ndi chinayi, ndipo kamuvi kaja mpaka lero kakulozabe m'mwamba.